Mchira wa Mawu

Ana anga, mwandivutitsa kokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye poti ndinapuma ndipo masana akunditalikira, ndagula kope. Za ubwana wanga kwa Kuntaja palibe chonena chambiri. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, ndinakwatiwa ndi bambo anu ndili wamng'ono, ndipo chaka chotsatira Rute anabadwa. Inu mumandidziwa ngati mzamba wosaopa kulankhula, amene ankakalipira ngakhale amuna a ndevu pakhomo la chipatala. Sindinayambe choncho. Gawo lino ndi la mayi amene anandiphunzitsa kumvetsera, komanso la tsiku lina ku Lirangwe pamene ndinatsala pang'ono kutaya ntchito chifukwa cha kachidutswa ka kumapeto kwa liwu limodzi.

1956, ku Chileka

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala ka mishoni, ka zipinda zitatu ndi khonde, pafupi ndi msewu wopita ku bwalo la ndege. Inali nthawi ya Chitaganya. Bambo anu ankadula udzu ku bwaloko, ndipo zimene ankabwera nazo kunyumba sizinkatikwanira. Mkulu wa mpingo wina ananditchula dzina atamva kuti kuchipatala akufuna wosesa. Ndinapita Rute ali kumbuyo. Ntchito yake inali kusesa, kukolopa, kutunga madzi, kuchapa mabandeji kuti tiwagwiritsenso ntchito, ndi kuwiritsa singano za jakisoni pa pulayimasi. Zonsezi sizinandivute. Chondivuta chinali anthu. Munthu akandifunsa kanthu, maso anga ankathawira pansi. Sabata isanathe amayi apakhonde anali atandipatsa dzina loti Nachete.

Woyang'anira pamenepo anali Mayi Likaka, mzamba wamkulu. Anali wamfupi, wa mapewa otakata, ndipo ankayenda mothamanga ngati nthawi zonse pali chimene chikupserera. Anabadwira mbali ya ku Zomba kwa mayi wachiyao, anaphunzira uzamba ku mishoni, ndipo anagwirapo ntchito zaka zambiri ku Mulanje pakati pa Alomwe a m'minda ya tiyi. Choncho Chinyanja, Chiyao, Chilomwe ndi Chizungu zonse zinali m'kamwa mwawo. Lachiwiri ndi Lachisanu kunkabwera Sisita wa ku Sikotilandi pa galimoto kuchokera m'tauni, kudzaona odwala ovuta ndi kusiya mankhwala.

Tsiku lina Sisita anaona m'mene Mayi Likaka anamangira bala la munthu wina, nagwedeza mutu akumwetulira, nati careful. Liwulo ndinalisunga mumtima. Lachisanu lotsatira ndinaphula singano pamoto, ndipo poti Rute ankalira, ndinazisiya pa tebulo osavundikira. Ntchentche zinateramo. Sisita anaziona, nandiyang'ana, nati careless. Ine ndinamva chiyambi chokha, chofanana ndi liwu lija lokoma. Ndinapinda maondo mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo, Sisita." Anali mawu oyamba amene Sisita anamva kuchokera pakamwa panga. Aphunzitsi ena amene anali pamzere anaseka mpaka kutsokomola.

Mayi Likaka anandigwira pamkono n'kupita nane kuseri, kumene tinkayanika mabandeji.

"Iwe Edesi, wathokoza chiyani?"

"Andiyamikira, mayi."

"Akuyamikira! Mwana iwe, wamva mutu wokha, mchira sunaumve. Mutu wa mawu awiri aja ndi umodzi, ndiko kusamala. Ukamva -ful kumchira, ndiye kuti munthu wadzaza nacho chisamaliro. Ukamva -less, ndiye kuti alibe ngakhale kadontho. Wakuuza kuti ndiwe wosasamala, iwe n'kumupindira maondo."

Ndinalira. Iwo sananditonthoze. Anadikira ndithe, kenaka anati, "Mawu ena ali ngati chinkhanira, choluma chili kumchira. Usayankhe munthu asanamalize liwu. Ndipo usati n'za Azungu okha. Tatseka chitseko icho." Ndinatseka. "Tsekula." Ndinatsekula. "Waona? Chitseko n'chomwecho, mutu wa liwu ndi womwewo, koma mchira wakutembenuza iwe wathunthu. Lero wamva, koma sunamvetse. Ukamvetsa udzandimvera, ndiye tidzamvana, ndipo tsiku lina mwina ndi iwe udzamveka. Kawiritsenso singano zija."

1957 ndi 1958

Kuyambira pamenepo makutu anga anayamba ntchito ina pambali pa ya tsache. Munthu wamanyazi ali ndi mwayi umodzi: poti salankhula, amamva zambiri. Ndikamakolopa pakhonde ndinkamvetsera michira ya mawu a anthu, ndipo ndinkadabwa kuti chilankhulo chimene ndinayamwira chinali ndi zonsezi ine osazindikira. Kubala, kubadwa, kubereka. Kufa, kufera, kuferedwa. Bala lapola, tapoletsa. Ndinkazibwereza mumtima potunga madzi ngati nyimbo.

Mayi Likaka ankasewera nayo michira imeneyi tsiku lonse. Ndikukumbukira mkulu wina wa ku Madziabango, wandevu zoyera, amene anafika pakhomo n'kunena mokweza kuti, "Ndabwera kudzabaya jakisoni."

"Mubaye yani, achimwene? Ine?"

"Ayi, kudzabayitsa."

"Eya, tsopano mwalankhula. Obaya ndife. Inu tsitsani kabudula."

Pakhonde ponse panali phwete, mwiniwake akuseka nawo. Koma masewerawa anali ndi ntchito yake. Mayi akabwera ndi mwana wothyoka mkono, iwo ankamvetsera ngati wanena kuti wathyoka kapena wathyoledwa, chifukwa liwu lachiwirilo lili ndi munthu kuseri kwake. Mayi akati mwana wagwa, ankapereka mankhwala. Akati wagwetsedwa, ankatseka chitseko n'kufunsa modekha kuti kunyumba kuli bwanji.

Anandionetsanso kuti anansi athu amachita chimodzimodzi. Kunabwera mayi wachiyao ndi mwana wowonda, ndipo nditamva akulankhulana ndinafunsa pambuyo pake kuti anamuuza chiyani. Anati, "Ife timati kudya, n'kuikapo mchira kukhala kudyetsa. Ayao amati kulya, n'kuti kulisya. Alomwe amati olya, n'kuti olyiha. Michira yake ndi yosiyana, koma yonse ikugwira ntchito imodzi, yoika chakudya m'kamwa mwa mnzako. Ndiye ukamva mlendo akusokoneza Chinyanja, usamuseke msanga. Kawirikawiri mutu wa liwu amaugwira pa tsiku limodzi, koma mchira umamutengera zaka." Mawu amenewa muwasunge, chifukwa mudzakumana nawo kutsogoloku.

Za Chizungu ankandipatsa pang'onopang'ono, ngati mankhwala owawa. Anandiuza kuti dzina la ntchito yanga, cleaner, ndi liwu loti kuyeretsa lomera mchira wosonyeza munthu wochitayo, monga ife titenga kuphunzitsa n'kupanga mphunzitsi. Sisita ankakonda kunyamula Rute n'kumamutchula kuti Ruthie, ndipo ine ndinkada nkhawa kuti akusintha dzina la mwana wanga la ubatizo. Mayi Likaka anaseka. "Kwawo kumeneko kamchira ako n'kachikondi. Ife timati kamwana, ka- wathu timamuika kutsogolo. Iwo amamuika kumbuyo. Akukuuza kuti mwana wako ndi kabwino, usakwinye nkhope." Chimene chinkawasangalatsa koposa ndi mawu achizungu amene alowa m'Chinyanja. Ankati mlendo akagona m'mudzi mwathu timamumeretsa mchira wathu. Kusayina kwabwera ndi Azungu, koma kusayinitsa, kusayinira ndi kusayinirana n'zathu, ndipo Sisita mwini sakanazizindikira.

1959

Chaka chimenechi aliyense wa msinkhu wanga amachikumbukira. Ndege zinkatera ku Chileka zodzaza asilikali, m'misewu munali zotchinga, ndipo anthu ambiri anatengedwa. Galimoto ya Sisita inasiya kubwera kwa nthawi ndithu. Kwinini anatha, palafini anatha, mabandeji anatha ndi kuchapidwa. Mayi Likaka anabweretsa nsalu zawo zogonera n'kuzing'amba kuti tipange ena, ndipo singano tinkawiritsa pa nkhuni kuseri. Sanatseke chipatala ngakhale tsiku limodzi. Wina akabwera ndi bala lokayikitsa, sankafunsa kuti ndi wa mbali iti. Ankangomanga. Poti manja anachepa, anayamba kundilowetsa m'chipinda chochilira kuti ndiwagwirire nyali ndi beseni, ndipo m'menemo ndi m'mene ndinaonera koyamba mwana akubadwa ine ndili chilili.

Chaka chomwecho ntchito ya bambo anu inatha, ndipo anapita ku Halale kukafuna ina. Anandisiya ndi Rute, ndi iwe Yohane uli m'mimba. Makalata ankabwera mwa apo ndi apo. Kuyambira pamenepo chimene munkadya chinkachokera mu epuloni yanga yoyera ija basi.

1961, ku Lirangwe

Amishoni anali ndi kachipatala kena ku Lirangwe, chapafupi ndi njanji, ndipo anafuna mayi woti azithandiza azimayi. Mayi Likaka anatchula ine. Ndinakana, ndinati sindingathe popanda iwo. Anati, "Ukakhala pano udzakalamba uli kuseri kwa ine. Pita." Ananditsanzika ndi lumo lawo lodulira mchombo, limene ndikusungabe.

Bwana wanga watsopano anali a Chiwaya, wothandiza dokotala, ophunzira kwambiri. Ankavala malaya oyera osita bwino, zolembera ziwiri m'thumba, ndipo Chizungu chawo chinkamveka ngati cha pa wailesi. Ntchito ankaidziwa, ndisaname. Ankasoka bala mwaluso loti chipsera chinkasowa. Koma sankafuna kuwongoledwa ndi munthu aliyense. Mayi amene analipo ine ndisanabwere anachotsedwa chifukwa anawatsutsa pamaso pa odwala, ndipo nkhaniyi anandiuza okha tsiku loyamba kuti ndidziwiretu. Kwa iwo ine ndinali wantchito wabwino zedi, chifukwa ndinkangoti inde bambo.

Pa tsiku la sikelo, pakati pa amayi oyembekezera, pankabwera mtsikana wina dzina lake Rozina. Anali Mlomwe wochokera kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi. Mnyamata wa ku Lirangwe wogwira ntchito ya njanji anamukwatira n'kudzamusiya kwa mayi ake, a Nangondo, iye n'kubwerera ku ntchito kutali. A Nangondo sankamufuna mtsikanayu. Anali atamusankhira kale mwana wawo mkazi wa mumpingo, ndipo pamaso pa anthu ankamutchula Rozina ndi dzina lonyoza limene masiku amenewo ankatchulira Alomwe, limene sindilemba m'kope lino. Chinyanja cha Rozina chinali cha miyezi yochepa. Mitu ya mawu ankaidziwa, koma michira ankaisokoneza. Tsiku lina anafika mochedwa n'kupepesa kuti, "Mtsuko wanga waswa." Amayi anafunsa kuti, "Waswa yani, mtsukowo? Ndiwoopsatu!" Tsiku lina anati chitenje chake chang'amba. Ankamuseka, iye n'kuyang'ana pansi, ndipo kuyang'ana pansi kumeneko ine ndinkakudziwa bwino. Ndinkamusungira malo pa benchi. Sitinkalankhulana zambiri, amanyazi awiri, koma tinkamvana.

Linali Lachinayi, dzuwa litapendeka pang'ono, pamene amayi anayi anafika naye Rozina pa machira. Thupi linali lotentha ngati mbale yapamoto, nsalu zonse zili magazi. Mimba yake inali ya miyezi inayi. A Chiwaya anagwira ntchito mwachangu, ine ndikuwapatsira zipangizo, mpaka magazi analeka. Pamenepo mpamene anapukuta manja n'kuyamba mafunso. A Nangondo anali ataima pakhomo, amayi onyamula aja ali kumbuyo kwawo.

"Mtsikana iwe, chachitika n'chiyani?"

Rozina anatsegula maso pang'ono. "Mimba yachotsa."

"Mwamva!" anakuwa a Nangondo. "Mwamva nonse! Wanena yekha. Mdzukulu wanga wamupha, mfiti ameneyu. Ndinkanena ine."

A Chiwaya anawerama. "Wachotsa mimba?"

"Eya," anatero Rozina. "Yachotsa."

Muyenera kudziwa kuti mwa lamulo kuchotsa mimba unali mlandu wa ndende, ndipo wachipatala akamva zotere ankayenera kudziwitsa apolisi. A Chiwaya anakhala pa tebulo, natulutsa cholembera chimodzi, nalemba kalata. Anaipinda n'kundipatsa. "A Edesi, kasiyeni iyi kupolisi. Mubwere msanga, pali zochapa."

Ndinati inde bambo. Ndinatuluka, anthu akundipatukira. Ndinafika mpaka pa mtengo wa mthethe umene unali kumapeto kwa bwalo. Sitima yochokera ku Limbe inali itaima pa siteshoni ikupuma utsi. Ndinaima ndi kalata m'manja, liwu lija likuzungulira m'mutu. Sanati ndachotsa. Anati yachotsa. Mutu wa liwulo unkanena kuti mimbayo yachita yokha, mchira wokha ndi umene unkaloza mlandu. Mtsuko waswa, chitenje chang'amba, mimba yachotsa. Ndinadziwa chimene ankafuna kunena monga ndidziwira dzina langa. Ndinadziwanso kuti ndikabwerera, mawa lake ndikhoza kukhala kwa Kuntaja ndi ana awiri, wopanda ntchito, mwamuna ali ku Halale. Ndinayesa kudziuza kuti apolisi akafufuza okha. Koma akafufuza m'chilankhulo chanji? Akamufunsa funso lomwelo, iye n'kuyankha chimodzimodzi, wina n'kulemba, iye n'kudinda chala. Ndinalakalaka Mayi Likaka akanakhalapo kuti alankhule ndi iwo. Panalibe. Panali Nachete yekha.

Ndinabwerera. Nditalowa, a Chiwaya anali akutsuka m'manja.

"Mwafika kale?"

"Sindinapite, bambo. Pepani, ndili ndi mawu."

"A Edesi ali ndi mawu? Lerotu kugwa mvula. Nenani."

Ndinagwira m'mphepete mwa bedi. "Bambo, mwanayu sananene kuti ndachotsa. Wanena kuti yachotsa. Mutu ndi mchira sizikugwirizana. Akufuna kunena kuti yachoka."

"Mutu ndi mchira wa chiyani?"

"Wa liwulo, bambo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi, mukundiphunzitsa Chinyanja ine? Sukulu munalekezera pati?"

"Sitandade 2."

"Ndiye mverani. Ndamufunsa kawiri, wavomera kawiri, mboni zilipo. Mupite ndi kalatayo, apo ayi mukoleke epuloniyo pa msomali uwo muzipita kwanu."

"Muuzeni ameneyo!" anatero a Nangondo. "Wosesa ayambe liti kuweruza milandu? Adyera limodzi awiriwa."

Msomaliwo ndinauyang'ana ndithu. Nthawi yomweyo sitima inaliza wezulo kusiteshoni, ndipo tonse tinamva mawilo akuyamba kugunda, ikunyamuka kulowera kumpoto. Sindinapemphe chilolezo. Ndinagwada pambali pa bedi n'kumugwira Rozina dzanja.

"Rozina, ndine Edesi. Wamva kulira uko? Sitima ija yatani?"

Anamvetsera kanthawi, maso ali otseka. Kenaka anati, "Yachotsa."

Ndiye mmodzi wa amayi onyamula machira aja, mayi wonenepa wogulitsa zitumbuwa pa siteshoni, anaphulika kuseka atagwira pakamwa. "Kalanga ine! Sitimanso yachotsa? Ndiye lemberani kalata ina, adokotala, akaimange isanafike kutali!" Mnzake anati, "N'zoona, amalankhula choncho mwanayu. Dzana anandiuza kuti nkhuku yachotsa pa mazira." A Nangondo anati onsewo ndi amodzi, koma mawu awo anali atatsika.

A Chiwaya sanaseke. Anayang'ana Rozina, khutu lili ku sitima imene inali kuzimirira. Kenaka anafunsa ngati pali munthu pafupi wodziwa Chilomwe. Wazitumbuwa uja anathamanga kukaitana mkazi wa kapitawo wa njanji, amene kwawo kunali ku Phalombe. Atafika, a Chiwaya anamuuza kuti afunse pang'onopang'ono ndipo abweze liwu lililonse monga lanenedwera. M'chilankhulo chake Rozina analankhula ngati munthu wina. Anati malungo anamugwira masiku anayi apitawo, anapempha kuti abwere kuchipatala koma anauzidwa kuti ndi ulesi, ndipo m'mawa umenewo anagwa ndi chizungulire akuchokera kudambo ndi mtolo wa nkhuni. Anali atasoka kale timalaya tiwiri ta mwanayo. Atafika pa timalayato analira, ndipo womasulira uja analira naye.

A Chiwaya anatambasula dzanja kwa ine osandiyang'ana. Ndinawapatsa kalata ija. Anaing'amba pakati, naphatikiza, naing'ambanso, n'kuponya mu ndowa ya zonyansa. Kenaka anatembenukira kwa a Nangondo. "Mayi, mpongozi wanu ali ndi malungo aakulu, ndipo ndi amene achotsa mimbayi. Mukanabwera naye Lolemba, mwina bwenzi mdzukulu wanu alipo. Agona kuno mpaka mwamuna wake abwere. Mungathe kupita." Ndipo kwa ine anati, "Pali zochapa."

Epuloni sindinaikoleke pa msomali, komanso a Chiwaya sanandiuze kuti ndakhululukidwa. Kwa mwezi wathunthu sanandilankhule kupatula kundituma. M'mawa uliwonse ndinkalowa ndikuyembekeza kuti lero ndi lero. Chimene ndinaona n'chakuti wodwala wa chilankhulo china akabwera, a Chiwaya anayamba kufunsa funso limodzi m'njira ziwiri, ndipo nthawi zina ankacheukira kumene ndinali kukolopa n'kuti, "Wati chiyani ameneyu?" Munthu wonyada chotero kusintha kafunsidwe kake chifukwa cha wosesa si chinthu chaching'ono, ndipo ndimawalemekeza mpaka lero. Rozina anachira. Mwamuna wake anabwera n'kumutenga kukakhala naye ku nyumba za njanji, ndipo patapita zaka ndinamuchiritsa ana awiri ndi manja angawa.

1962

Kumayambiriro kwa chaka a Chiwaya anandiitana n'kundipatsa envelopu yosamata. Anati amishoni akufuna amayi oti akaphunzire uzamba, ndipo ngakhale sukulu yanga inali yochepa, iwo alemba kuti anditenge. Kalatayo inali ya Chizungu. Nditatuluka ndinakaima pa mthethe womwe uja n'kuitsegula. Zambiri sindinazimve, koma pa mzere wachitatu ndinaona liwu loyamba ndi care. Ndinaika chala pamenepo n'kuchisuntha pang'onopang'ono mpaka kumchira. Unali -ful.

Ndisanapite ku maphunzirowo ndinakwera basi kupita ku Chileka kukatsanzika Mayi Likaka. Ndinawapeza kuseri komwe kuja akuyanika mabandeji, tsitsi litayamba imvi, koma kuyenda kuli komwe kuja kothamanga. Ndinawafotokozera zonse, za kalata, za msomali, za sitima. Pa za sitima anaseka mpaka anakhala pansi pa ndowa yovundikira, akupukuta misozi ndi bandeji yochapa.

"Ndiye Nachete analankhula pamaso pa a Chiwaya? Unazitenga kuti mphamvu zimenezo?"

"Kaya, mayi. Sindikudziwa. Pakamwa panangotsekuka."

Analeka kuseka. Anandiloza ndi chala chonyowa.

"Panatsekuka? Pokha, ngati chitseko cha mphepo? Zaka zonsezi ndakuphunzitsa chiyani? Tabwereza bwino, mwini ntchito aoneke."

Ndinayang'ana pansi monga mwa chizolowezi. Iwo anadikira, monga anadikirira tsiku lija la singano. Ndiye ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso.

"Ndinatsekula, mayi."

"Eya," anatero, akundiponyera mulu wa mabandeji onyowa. "Tsopano wamveka. Tandithandiza kuyanika, basi yako isanachotse."